Chenjezo pa bokosi la magolovesi

Lachiwiri, 17 Novembala 1998, Wheaton

Lero ndafookeratu. Kuntchito kwathu kosamalira okalamba abweretsa mabokosi atsopano a magolovesi. Pambali pake alembapo chenjezo loti mphira wake umawenga anthu ena.

Ine zaka ziwiri tsopano manja akuyabwa, kung'ambika mpaka kutuluka magazi. Amayi ena akutchalitchi anandiuza kuti, "Ndi kuzizira kwa kuno, mwananga. Uzidzola Vaselini n'kuvala magolovesi ngakhale uli pakhomo." Ndinkavaladi, ndi Lamulungu lomwe. Kani ndinkadzipweteka ndekha!

Ndawaonetsa abwana manjawa. Angoti, "Amtundu wina tilibe, dikirani."

Ndidikire ndili kuti? Ntchito ina sindiidziwa. Mawa ndili ndi okalamba asanu ndi atatu oti ndiwasambitse, ndipo bokosi ndi lomwelo. Ndikavala basi. Ngakhale cholemberachi chikundikanika kugwira...