Shuga wa Eni Nyumba

Amayi, kumeneko mukudzuka bwanji?

Ine kuno ku Dubai ndilipo, ndikukolopabe nyumba ya madamu omwe aja. Ku Ntaja nako ali bwino. Asiyatu wachira, mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Akuti akayamba kulira nkhuku zimabalalika, ndiye palibe akukayika kuti dzinalo lapeza mwini wake. Nandolo wachita bwino chaka chino, koma mbuzi yanu yoyera ija sinasinthe, yadya theka la katani.

Nkhani yavuta ndi ya achimwene a Yusufu. Akufuna kugwetsa nyumba yanu kuti amangepo golosale, poti ili m'mbali mwa msewu. Akuti ikungosunga mileme. Onse avomera, ndatsala ine, ndipo anandipatsa mpaka Lachisanu. Ndisakunamizeni Amayi, ndinatsala pang'ono kuvomera.

Ndiye Lamlungu, tsiku langa lopuma, mnzanga Esnati, namwino wa ku Chipata, ananditenga kukaona nyumba ina ku Jumeirah. Akuti ndi momwe mafumu a kuno anasainirana kuti Angerezi akachoka, iwo akhale dziko limodzi lodzilamulira. Nditangomva kuti nyumba ya mafumu, mawu anu aja anandilira m'khutu: "Patuma, kwa eni ake sapita chimanjamanja ngati kuchimbudzi." Ndinagula paketi ya shuga ndi masamba a tiyi.

Titafika pakhomo ndinavula nsapato n'kuima. "Odi! Odi kuno!" Zii. Ndinaomba m'manja. Esnati anandikoka diresi amvekere, "Iwe, tiye, ni miyuziyamu iyi, yongoonera zakale!" Ine ayi, sindinaleredwe ndi mbuzi. Atatulukira mlonda ndinagwada, n'kumupatsa shuga uja ndi manja awiri, m'Chingerezi changa chotsimphina chija, kuti akapereke kwa eni nyumba. Bambo waulemu zedi. Anandiuza motsitsa mawu kuti eni akewo anamwalira kalekale, n'kundibwezera shuga wanga. Ndinagwira pakamwa! Ndinapepesa maliro monga munatiphunzitsira, mpaka kufunsa ngati anadwala nthawi yaitali. Potembenuka, Esnati anali atabisala pakati pa azungu ngati sandidziwa.

M'katimo muli tebulo lozungulira ndi mipando yosakhalapo munthu. Kwina aika magalasi a maso, ndodo ndi zolembera za malemuwo m'mabokosi agalasi. Chala changa chinapita chokha kukafufuza fumbi, ntchito imazolowereka, koma osalipeza ngakhale pang'ono. Ndinafunsa kuti amagonamo ndani. Akuti palibe. Amayi, nyumba yonseyo ikuzizira bwinobwino kuziziritsa mipando, pamene ku Al Qusais anzanga akugona asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi! Ndinaseka mpaka misozi.

Kenako ndinaona bambo wina wachikulire ataima pafupi ndi tebulo lija, akulozera zidzukulu zake, uku akupukuta m'maso ndi nsalu ya kumutu. Kuseka kunandithera pomwepo.

Ndinakumbukira tsiku lija, titangoika Ababa, abale awo atabwera ndi ngolo kudzatenga malata ndi makina anu osokera. Munakhala pakhomo miyendo tambalale, patapata m'manja, n'kunena kuti, "Wolowa muno ayambe wandidumpha." Ife ana asanu tinaunjikana kumbuyo kwanu. Dzuwa linafika pamutu, linapendeka, inu osasuntha, mpaka ngolo inabwerera ng'ombe zikusangalala kupepukidwa. Ufulu wathu wodzilamulira tinaulandirira pakhomo limenelo, Amayi, popanda tebulo, popanda cholembera. Ndipo ine ndimati ndivomere kuti pakhale pogulitsira sopo ndi machesi. Ndinachita manyazi, ndipo ndinakusowani koopsa.

Sindinadikire Lachisanu. Ndili m'basi momwemo, shuga wanga ali pamiyendo, ndinawatumizira achimwene mawu pafoni kuti nyumba isagwe, golosale amange kufupi ndi mtengo wa mango. Anayankha kuti kutentha kwa Dubai kwandizunguza mutu. Ndinangowakumbutsa kuti tsiku lija ndani ananyowetsa kabudula kumbuyo kwanu, ndipo ndani anachapa osauza munthu.

Dzulo ananditumizira chithunzi chopanda mawu. Patapata wanu wa kumanzere uja amupeza pansi pa bedi, amupukuta, amuika pamwamba pa makina. Ndinaseka, kenako ndinalira, mpaka madamu anaganiza kuti ndadzicheka ndi mpeni.

Ndikubwera pa tchuthi. Mileme ndidzaithamangitsa ndekha, ming'alu tidzamata, koma zamagalasi ayi, m'nyumba mwanu mudzagona anthu, kuyambira ndi kamnzanu kolongolola kaja ka Asiyatu. Shuga uja ndasunga m'sutikesi. Ndikulonjeza kuti ndidzavula nsapato pakhomo, ndidzagwada, ndidzati odi. Ndikudziwa kuti simudzayankha, komabe ndidzayamba ndadikira pang'ono.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Patuma