Mpala wa pa Mphindi 41

Lolemba, 11 Ogasiti 2014

Ndaionera filimu ija. Kalanga ine!

Bennet, edita wathu, anandiitana ku Chitawira masana kuti ndiione yonse isanaonetsedwe Loweruka. Kushopu ndanamiza abwana, a Pradeep, kuti ndikukazulitsa dzino. Bola ndikanazulitsadi dzinolo.

Dzina lake Ziphaliwali. Ola limodzi ndi mphindi makumi awiri. Nthabwala ya anyamata anayi othamangitsidwa ku kwaya amene ayambitsa bandi ya roko. Ine miyezi isanu, Loweruka ndi Lamulungu lililonse, kope m'manja. Kulemba malaya a aliyense, dzanja logwirira botolo, mbali imene dzuwa linali. Kontinyuwiti ndi imeneyo: chimene chaoneka pa sini iyi chisasinthe pa sini yotsatira. Ndiye taonani zimene zatuluka.

Wa ng'oma ndi wa besi akuthawa landilodi ku Chigumula. Kulowa m'munda chimanga chili biriwiri, kutulukira mbali inayo mapesi okhaokha. Kulowa tinajambula mu Malichi, kutuluka mu Julaye. Minibasi akwera yoyera pa Chichiri, atsika ya buluu ku Limbe, kondakitala yemweyo. Pulasitala wa wa ng'oma ali kumanja, kenako kumanzere, kenako wachira, kenako wathyokanso. Gitala ikubangula, chingwe chake chili pansi osalumikizidwa kulikonse. Pa windo la basi ine ndemwe ndikuoneka, kukamwa yasa, kope pachifuwa.

Zonsezo n'zachibwana. Mphindi 41. Ellard, wa gitala, akulowa m'chimbudzi cha pa holo ndi madiredi ofika m'mapewa. Chitseko chitsekeka. Chitseko chitseguka. Atuluka mpala, mutu ngati dzira. M'filimumo palibe ndi mmodzi yemwe wofunsa. Akwera pa siteji, aimba nyimbo yonse. Mphindi 52 madiredi abwerera.

Kumapeto mayina. Kontinyuwiti: Daisy Semba. Zilembo zikuluzikulu. Chinthu chokhacho chimene sanalakwitse m'filimu yonse.

Ndipo Loweruka kukubwera a Gertrude, aja amajambula masewero a pa TV. Anandiuza okha mwezi watha kuti akufuna munthu wa kontinyuwiti wa ntchito yokhazikika, adzaone kaye zimene ndachita kwa a Kingsford, eni filimuyi. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikugulitsa mabolopeni ndi maenivelopu ku Limbe. Khomo lotulukira ndi limeneli basi.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

A Kingsford. Dayirekita. Ndawapeza pa khonde la ofesi yawo m'tauni akudya chipisi, mapositala pambali ali ndi nkhope yawo yaikulu kuposa ya bandi yonse.

Ndawaonetsa kope, tsamba la 10 Meyi, bolopeni yofiira: "Ellard wameta. Tisajambule lero, apo ayi tilembe sini yofotokoza." Ndinalemba! Ndinawauza pamaso pa anthu onse tsiku limenelo. Bambo a Ellard anamwalira ku Nsanje, mnyamata anapita kumaliro, ataika anameta pamodzi ndi abale onse monga amachitira kwawo, anabwera mpala. Masini a madiredi tinali titajambula kale mu Epulo. Mwana wa sitandade 2 akanaona vuto. A Kingsford akuti holo tapatsidwa lero lokha, kamera ibwerera kwa mwini wake mawa. Anatuma munthu kumsika wa Limbe kukagula wigi. Kubwera wigi ya azimayi, yofiirira, yopotanapotana. Ellard anangoiyang'ana, osaikhudza. Tinajambula choncho.

Lero yankho lawo: "Daisy, Amalawi saona zimenezo. Amangofuna kuseka."

Saona? Anthu amene amadziwa kuti wavala siketi yomwe unavala pa ukwati wa chaka chatha?

Ndati dulani siniyo. Akuti ndiyo nyimbo yaikulu ya filimu. Ndati nanga chimanga, nanga pulasitala. Akuti ndiwe wovuta, n'chifukwa chake sunakwatiwe. Ndinatsala pang'ono kuwathira tomato sosi pa tayi.

Minibasi yobwerera inafera pa Ginnery. Ndinayenda pansi mpaka pa Chichiri, nsapato ikuluma chala.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Nzeru inabwera ndikupanga fotokope. Sini imodzi yokha, masekondi khumi. Ellard ali m'chimbudzi muja, mpala, lumo m'manja, madiredi abodza pansi, akuti ndatopa ndi nsabwe. Anthu aseka, nkhani yalumikizika. Za mphindi 52 Bennet akhoza kusuntha. Tsitsi la Ellard lamera pang'ono, angometanso basi.

Ndakumana naye masana pa Chichiri, panja pa mashopu. Waonda. Ndafotokoza zonse, mpaka kujambula papepala pamene kamera ingakhale. Wakana.

Ndinapsa mtima. Ndati iwe, mutu wakowu ukundiphera tsogolo. Ndinanenadi choncho, anthu akudutsa.

Anayamba kusewera ndi chitsekerero cha botolo. Kenako anandiuza. Bambo ake, mkulu wa mpingo, madiredi aja ankadana nawo koopsa. Zaka zitatu kukangana. Foni yomaliza, pa Isitala, anamuuza kuti akamete asanapondenso pakhomo pawo. Ellard anayankha kuti, "Ndidzameta mukadzafa." N'kudula foni. Patatha masabata awiri, uthenga wa maliro.

Akuti atakhala pansi kuti amumete, amalume ake anachita kuyamba ndi sizasi, lumo silikanatha. Akuti mutu umenewo sangauike pa nthabwala ya nsabwe. Wigi anaikananso chifukwa chomwecho.

Mayi ake sadziwa za foniyo. Mlongo wake Yamikani, amene amakhala naye ku Chitawira, sadziwanso. "Ndiwe wekha, Daisy. Usauze munthu." Ndinalonjeza.

Chisoni chandigwira, zoona. Koma mkwiyo sunachoke. Wangosowa pokhala.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Ndaimbira Bennet, chotsa dzina langa. Ika la munthu wina, ika la galu, ika la a Kingsford kachisanu popeza lilipo kale kanayi. Akuti mochedwa, ma DVD anawotcha kale dzulo, makatoni awiri ali pansi pa bedi lake.

Akuti usadandaule, anthu sawerenga mayina akumapeto. A Gertrude amawerenga. Ndi ntchito yawo.

Ndaganiza zowatumizira meseji kuti Loweruka zalephereka. Ndalemba, ndafufuta. Mapositala ali pa mtengo uliwonse wa Chipembere Highway.

Bennet waonjezeranso china chimene sindinaone: pa sini ya kutchalitchi, mtengo wa tsache umene tinamangirira maikolofoni ukulendewera pamwamba pa mutu wa abusa mphindi ziwiri zathunthu. Amaseka pouza ine. Kuseka!

A Pradeep afunsa za dzino. Ndati likadapweteka.

Diresi ya buluu ndasita. Kope ndalowetsa m'chikwama. Sindikudziwa chifukwa chake.

Lamulungu, 17 Ogasiti

Kutchalitchi sindinapite.

Ndilembe mmene zinayendera, mwina mutu usiya kuzungulira.

Holo inadzaza, 3 koloko masana, mawindo atatchinga ndi mabulangete. A Gertrude mzere woyamba, magalasi pamphuno, kakope pamwendo. Mzere wachiwiri mayi ake a Ellard, achokera ku Nsanje Lachisanu kudzaona mwana wawo m'filimu. Duku lakuda, chitenje chakuda. Yamikani pambali pawo.

Nthabwala zenizeni, zimene a Kingsford analemba, anthu amangoti he he, mwaulemu. Chimanga chitauma, holo inayamba kudzuka. Pulasitala atasamuka dzanja, wina kumbuyo anakuwa kuti, "Wasintha!" Kuyambira pamenepo unakhala mpikisano, aliyense kusaka cholakwika. Saona, eti? Anaona mpaka wotchi yakukhoma imene inabwerera m'mbuyo, imene ngakhale ine sindinaione.

Mphindi 41. Chitseko kutseguka. Holo inagwa. Anthu kumenya mipando, mayi wina kupukuta misozi. "Chimbudzi chili ndi babashopu!" Nyimbo yonse ya Ellard sinamveke. Ndipo anaiimba bwino nyimboyo, tsiku lija tonse tinangoti zii. Dzulo palibe anaimva.

Filimu itatha a Kingsford anakwera kutsogolo ndi suti yonyezimira, akuti mafunso. A Gertrude anakweza dzanja. Funso lawo limodzi: kontinyuwiti anayang'anira ndani?

Munthu uja, popanda ndi manyazi omwe, anandiloza. "Daisy, imirira akuone. Tinamupatsa mwayi, akuphunzira." Holo kusekanso. Ena kuwomba m'manja monyoza.

Sindikukumbuka mmene ndinafikira kutsogolo. Ndinawalanda maikolofoni, ndinatsegula kope. Ndinawerenga za chimanga, deti lake. Za minibasi, deti lake. Za pulasitala, kanayi konse kamene ndinachenjeza. Tsamba la 10 Meyi ndinalikweza m'mwamba kuti aone bolopeni yofiira. Ndinati munthuyu anameta maliro a bambo ake, ine ndinati tisajambule, adayirekita anakana. Holo inatonthola. A Kingsford thukuta kamukamu. Zinandikoma, ndisaname. Zinandikoma kwambiri.

Ndikanalekera pomwepo.

Koma a Kingsford anabwerera pa maikolofoni, akuti wigi tinagula, aliyense amavala wigi, ndi ntchito ya kontinyuwiti kumuveka, analephera. Wina kumbuyo anavomereza, eya, bwanji osamuveka wigi? Ndipo pakamwa pangapa panatseguka pokha. Ndinati mungamuveke bwanji wigi munthu amene mawu ake omaliza kwa bambo ake anali oti ndidzameta mukadzafa?

Pa maikolofoni. Masipika awiri.

Sindinayang'ane Ellard. Ndinayang'ana mayi aja. Sanalire, sanakuwe. Anangotembenuza mutu pang'onopang'ono kufunafuna mwana wawo m'holomo.

Lolemba, 18 Ogasiti

Ndaimbira Ellard kasanu ndi kawiri. Sakuyankha. Meseji yawerengedwa.

Bennet akuti ma DVD akuyenda ngati mandasi, mavenda a ku Limbe akuitcha filimu ya babashopu. A Kingsford ayamba kuuza anthu kuti zolakwika zija anachita dala, ndi sitayilo. Dala! Mulungu andigwire dzanja.

Ndikufuna kuwakwiyira monga kale. Ndiwo anayamba, ndiwo anandiloza, ndiwo anakana kudikira. Zonsezo n'zoona. Ndabwereza tsiku lonse pa kauntala ngati pemphero. Sizikugwira.

Kasitomala wina wandizindikira. "Si inu a kope aja?" Ndati ayi.

Lachitatu, 20 Ogasiti

Dzulo nditaweruka ndinapita ku Chitawira. Ellard kunalibe, kapena analipo, sindikudziwa. Anatuluka Yamikani, anaima pakhomo osandipatsa mpando. Akuti mayi anamufunsa Ellard funso limodzi lokha Loweruka lija: unanenadi? Iye anavomera. Kuchokera pamenepo sanamulankhulenso. Lolemba anawaperekeza kokwerera basi, anakana kuti awanyamulire chikwama. Anasenza okha, nyamakazi yawo ndi imeneyo.

Ndinati ndimamuikira kumbuyo, anthu amamuseka. Yamikani anandiyang'ana kuyambira kunsapato. "Mumaikira kumbuyo ndani, asisi?"

Ndinachoka, funsolo lili m'mutu. Mpaka pano.

Lero 10 koloko foni. A Gertrude. Akuti filimu ija ndi zinyalala koma kope lija ndi ntchito yeniyeni. Akuti akufuna munthu amene saiwala kanthu ndipo saopa kunena. Ndiyambe pa 1 Sepitembala. Ndiwayankhe mawa.

Ndinalowa kumbuyo kwa shopu, pakati pa makatoni a mapepala. Ndinadikira chimwemwe. A Pradeep anachita kugogoda, akuti makasitomala.

Ndikanakhala munthu ndikanakana. Ndaganiza zimenezo masana onse, mmene ndingakanire, mawu ake, mmene Ellard angamvere kuti ndakana. Koma kukana kwanga sikukafika ku Nsanje. Ndipo ngakhale kukanafika.

Mawa ndivomera. Ndadziwa kuyambira foni isanathe kuti ndivomera.