Bambo akufuna mkamwini agwire padi yawo

Aphungu,

Vuto langa museke ndithu, chifukwa nanenso ndimaseka mpaka nditakumbukira kuti tsiku la ukwati wanga laima.

Bambo anga, a Blackson, anachotsedwa ntchito ine ndisanabadwe, kampani yawo itatsekedwa. Anatsegula kashopu ka magemu kuseri kwa nyumba, poyamba ndi Sega, kenako PlayStation, ndipo sanayang'anenso kumbali. Amati makinawo ndiwo anatilera. Masiku ano ufa wakwera, magetsi amangotisuzumira, osewera achepa, koma iwo amapukutabe makina awo asanasukusule.

Bwenzi langa Cephas, wa ku Matero, ndi munthu wofatsa, ndipo ndimamukonda kwambiri. Koma ndi wa Xbox, makina opikisana ndi PlayStation. Iye ndi anzake analumbira ali anyamata kuti padi ya PlayStation sadzaigwira. Tinabisa bwino nkhaniyi, mpaka ankhoswe ake, pofuna kumukometsa, anayamba kutchula za m'nyumba mwake: mipando, firiji, TV, ngakhale Xbox.

Bambo anaseka mpaka misozi, kenako anati: "Muuzeni abwele pa Chiwelu timenye bola pa mashini yanga. Ngati safuna, tsiku la ukwati nizaliganizila pang'ono pang'ono."

Akunena mpira wa pa PlayStation, Loweruka. Chiyambire tsikulo magetsi akangobwera bambo amathamangira kushopu kukayeserera, akuimba mluzu. Amayi poona kumwetulirako akuti anali ataiwala kale kuti mwamuna wawo ali ndi mano onsewo. Koma Cephas wauma khosi. Akuti: "Nizaonekela bwanji ku Matero? Elo nikawawina ba tata, si mwano uyo?"

Ndichite chiyani, Aphungu? Diresi ndasoketsa kale.

S.B., Chawama, Lusaka

Mwana wanga S.B.,

Diresi usabweze. Palibe ndewu apa, pali mwamuna wamkulu amene wapeza mnzake wosewera naye, ndi mnyamata amene sanazindikire ulemu womwe wapatsidwa.

Kale mkamwini ankapatsidwa khasu kuti apongozi aone mtima wake kumunda. Ku Chawama kulibe munda, ndiye munda wa bambo ako ndi kashopuko. Ndipo ukudziwa mwambo wathu: mkamwini akaona apongozi amapatuka njira, mpando umodzi sakhalirana. Bambo ako amuitanira pabenchi yawo, phewa ndi phewa. Akamwini ambiri amamera imvi asanafike pamenepo.

Umuuze Cephas zimenezi maso ndi maso, osati pafoni. Umukumbutsenso kuti bambo akowo anasiya Sega ana atafuna chakudya, ndipo dzanja silinafote. Anzake a ku Matero adzamuseka sabata imodzi, kenako adzabwera kudzadya mpunga paukwati. Xbox yake palibe akumulanda.

Pasanafike Loweruka apite kwina kumene samudziwa akazolowere padiyo, chifukwa mabatani amasiyana. Iwe funsa nthawi imene magetsi akubwerera kwanuko, kuti anthu awiri amanyazi asakhale akuyang'anizana ndi TV yozima. Padiyo akailandire ndi manja awiri.

Za mwanozo, mwano weniweni ndi kuluza dala. Munthu amene wakhala m'shopu ya magemu zaka zonsezi amadziwa wosewera mwachinyengo, ndipo adzaganiza kuti wayesedwa nkhalamba. Cephas asewere ndi mtima wonse. Akagoletsa asadumphe, asavule malaya, angoti, "Mwayi chabe, ba tata." Ndikukayikanso ngati adzanene mawuwo kawiri, poti mkuluyo akuyeserera tsiku lililonse.

Chenjezo langa likupita kwa iwe. Kaya apambana ndani, woluzayo adzafuna kubwezera Loweruka linalo, ndipo sizidzathanso. Walira mvula walira matope. Choncho ukamapangana ndi Cephas za banja, umutchulire msanga Maloweruka amene adzakhale ako. Atsikana ena amaopa kuti mwamuna adzawalanda ndi mkazi wina. Iwe wako adzakulanda ndi bambo ako.