Zotsala za makandulo

Rouen, 4 Febuluwale 1672

Mwana watsokomola kuyambira m'bandakucha. Sabata yachitatu chibadwire, dzina alibe, ubatizo ayi. Mkazi wanga Guillemette sakugona. A Firmin, a m'chipinda cham'mwamba aja, akuti tisathamangire kutchalitchi. Bambo mfumu akamva kuti ndimadula zingwe za makandulo m'nyumba ya zisudzo atibweza pakhomo. Ayambe iwo atilankhulira, akuti amadziwana. Munthu wa kolona m'manja tsiku lonse. Amadya kwathu, ndani angawaletse. Anati, "Mwana wanga, ntchito yakoyo ndiyo yakhala pachifuwa pa khandali." Ndawapatsa zotsala za makandulo za sabata ino, akuti n'za kaguwa ka amphawi. Zotsalazo ndikagulitsa ndiye nkhuni zathu. Kukuzizira.

6 Febuluwale

Sewero latsopano ladzaza nyumba. Akuti ndi la munthu wachuma amene walowetsa m'nyumba mwake wopemphera wabodza. Ine sindionera sewero, ndimaonera malawi. Chigawo chikatha amatsitsa makandulo, ndidule msanga asanayambe kufuka. Oonera oimirira pansi aja lero anandikuwa, "Fulumira kadzidzi iwe, tikalamba!" A Bellerive, eni gulu la zisudzoli, ndiwo akusewera wopusitsidwayo. Anati, "Colas, ukandifukizira utsi pomwe ndimagwada m'sewero paja, makutu ako ndiwadula ndi sizasi yakoyo." Supu wa kabichi. Mwana chimodzimodzi.

9 Febuluwale

A Firmin abwera ndi yankho. Akuti bambo mfumu akufuna ndisiye ntchito, ndilumbire pamaso pa mboni, ndipo pamenepo mwana abatizidwa. Milomo ya mwana yachita bii. Guillemette anati, "Siyani bambo ake, tidya miyala, bola asakaikidwe kunja kwa mpanda wa manda ngati galu." Ndauza a Bellerive kuti Lamulungu ndi lomaliza. Sanaseke. Anangofunsa ngati wansembeyo ndamumva ndi makutu anga. Ntchito ina sindidziwa. Kudoko sakulemba anthu mpaka madzi oundana atasungunuka.

11 Febuluwale

Ndawaona. M'tizipinda tam'mbali ta m'nyumba ya zisudzo, totchinga ndi timitengo topingasa, mobisala anthu osafuna kudziwika. Makandulo akatsika, kuwala kumalowa m'mipatamo, woona ndine ndekha. A Firmin. Chovala chomwecho chakuda. Pambali pawo mayi wonenepa akuwasendera lalanje. Akuseka mpaka kupukuta misozi. Ndinadziwotcha chala.

Kenaka ndinaima kuseri n'kumvetsera sewero, koyamba chiyambire ntchito. Onse a m'banja lake akumuuza bambo wachumayo zoona, iye ayi, ndipamene akuonjezera kupereka. Anthu kugubuduka ndi phwete. Akumuseka ngati chitsiru, koma m'seweromo sanaikemo mwana wodwala. Akanaikamo sindikudziwa ngati akanaseka.

12 Febuluwale

Ndauza Guillemette. Anati, "Mwayamba kulankhula ngati a pansanja anzanuwo." Anawaitana a Firmin, ine ndili pomwepo. Sanakane. Akuti amapitako kuti aone tchimo ndi maso, adziwe chopempherera, ndipo misozi ija inali yachisoni. Mayi uja ndi wamasiye amene akumubweza kwa Mulungu. Ananena mofatsa, dzanja pamutu pa mwana. Ndinangotsala pang'ono kupepesa. Ichi ndicho chikundiopsa. Ndinaona ndekha, komabe ndinangotsala pang'ono.

13 Febuluwale

Guillemette atapita kukatunga madzi ndinakulunga mwana m'chikhoti changa. Ndinathamangira naye kutchalitchi. Bambo mfumu ndi nkhalamba yaukali, chimfine, supu pachovala. Ndinaulula zonse za ntchito asanafunse. Anati, "Firmin ndiye ndani?" Kenaka, "Za zisudzozo ine ndi iwe tidzakangana tsiku lina. Kamwanaka kaseweramo? Masabata anayi kosabatizidwa! Mutu wako uli ndi phula?" Mboni anatola pomwepo, wosesa m'tchalitchi ndi mayi wogulitsa nsomba amene amapemphera kumbuyo. Sizinatenge nthawi yodulira makandulo. Dzina Jacquette, la mayi wa nsombayo. Madzi ozizira, analira mokweza. Ndinalira nane, pamaso pa anthu.

17 Febuluwale

Jacquette akutsokomolabe koma akuyamwa. Ntchito sindinasiye. A Bellerive anangoti, "Wauka kwa akufa? Tenga sizasi."

Guillemette wagona tulo koyamba. Akuti mapemphero a a Firmin ndiwo anafewetsa mtima wa bambo mfumu. Ndinamuuza kuti nkhalambayo siwadziwa n'komwe. Anati oyera mtima sadzionetsera. Nkhope yake yabwerera, akuimbira mwana. Ndimulande chimenechi? Pansanja wabodza amatengedwa ndi asilikali, anthu n'kuomba m'manja, ine n'kuzimitsa. Kuno wakhala pampando wanga, akupala m'mphika.

Zotsala za makandulo ndagulitsa ndekha, nkhuni zilipo. Koma Guillemette analonjeza a Firmin ndalama, malivre atatu othokozera, analumbira atagwira mtanda, mwana ali m'manja. Lumbiro la pa mwana sindingaliswe, kaya. Ndapereka limodzi. Atsala awiri.