Kapitao wa m'Chipu Watsekeredwa Panjira

Lolemba, 6 Okotobala

Mutu ukuwawa. Abwana akufuna kuona Kapitao akugwira ntchito pofika Lachisanu, apo ayi amuchotsa papulani ya chipu. Chaka changa chonse chathera pa iyeyu.

Amayi pafoni: "Mwana wanga, ntchito yakoyo kwenikweni ndi yotani?" Ndinayesa kufotokoza. M'kachipu ka kompyuta kochepa ngati chikhadabo muli tiubongo tambirimbiri totumizirana mauthenga kudzera m'tinjira todzaza ndi mphambano. Mpaka pano mphambano iliyonse imadzisankhira yokha kolowetsa uthenga. Ine ndalemba pulogalamu imodzi, Kapitao, yoti iziona chipu chonse n'kumalamula mphambanozo. Amayi anangoti "Ooo," n'kufunsa ngati ndadya.

Lachiwiri, 7 Okotobala

Mauthenga akachepa, Kapitao ndi katswiri. Ndinatseka dala njira imodzi, pompo anapeza ina. Nditachulukitsa katundu, zonse njo, kuima.

A Mawaya, oyala tinjira ta m'chipu, anasuzumira pasikirini yanga: "Achemwali, Kapitao wanu wagonanso?" Ndinawauza, aliyense akumva, kuti iwo chomwe amadziwa n'kujambula mizere basi.

Lachitatu, 8 Okotobala

Palibe chasintha. Kompyuta yoyesera yalira tsiku lonse, zotsatira zomwezo. Bambo akunyumba akuti ndayamba kukangana ndi mbale potsuka.

Lachinayi, 9 Okotobala

Ndachipeza, koma bola ndikanapanda kuchipeza.

Malamulo a Kapitao amadutsa m'njira zomwe zimadutsa mauthenga wamba. Njira zikadzaza, kudandaula kwa mphambano sikufika kwa iye, lamulo lake lomasula njira nalonso limaima pamzere womwewo. Pulogalamu ilibe mlandu. Akufunika tinjira take take. Nanga woyala tinjira ndani? Eya. Omwe aja.

Ndinadzuka kuti ndipite padesiki yawo, ndinakathera kokamwa madzi.

Lachisanu, 10 Okotobala

Kumsonkhano ndinanena momwe zilili. Abwana: "Mayi, malo m'chipu adatha kale. A Mawaya, mukutipo bwanji?" Iwo anati aona, maso ali patebulo. Abwana anati malo akapanda kupezeka lero, Kapitao apume.

Masana ndinadzikoka. "Achimwene, za Lachiwiri zija..."

Sanandilole kumaliza. Anatembenuza sikirini yawo, pulani ya chipu ili mbee, yothithikana mopanda popumira. Anali atayamba kale kusuntha zinthu m'mphepete.

"Tinjira tanu tilowa apa, koma tifika theka la chipu basi. Theka linalo mphambano zizidziyendera zokha monga kale."

Theka! Chaka chonse, theka. Ndinafuna kukana.

Anandikankhira mpando ndi phazi. "Sankhani theka lake msanga, ine ndikukatenga ana kusukulu."

Ndasankha lakumanzere, loyandikana ndi memore, nkhokwe yosungira mauthenga.