Chifu cha mbuzi chandipulumutsa pachikamwini

Aphungu,

Ndine mkamwini m'mudzi wina kufupi ndi Khombedza. Kuyunivesite ndinachokako ndisanamalize, masiku aja kutsegula pakamwa kunali mlandu, ndipo kuno amanditcha a Digiri pofuna kundinyogodola.

Dzinja lino mbuzi za mkazi wanga Elsie zinayamba kuwonda, kutupa kunsi kwa chibwano, kenako kufa. Malume ake, a Lawson, amene sitimwerana madzi chichokereni chisankho chifukwa ndinavotera chipani china, anati ndikuzithirira tameki. Anauza Elsie pamaso panga kuti, "Ameneyu amange katundu. Matipate yakeyo akachitire kwawo."

Ndinati tiphe imodzi yodwala, aliyense adzionere. Titang'amba chifu tinapezamo tinjoka tofiira tambirimbiri, tangati ulusi, tikuyendayenda. A Lawson anangoti, "Kani?" n'kuchokapo. Elsie anaseka mpaka misozi. Aphungu, mtima wanga wakhala pansi, tulo ndikutiona tsopano.

Komatu ndi a Lawson omwewo amene analamula kuti mbuzi zizimangiriridwa kudambo, iliyonse pachichiri chake osasuntha, kuti zisadye mpunga wa anthu. Nditani kuti zotsalazi zichire? Nanga ndiitane ankhoswe kuti nkhalambayi indipepese pagulu?

F.M., Salima

A F.M.,

Ithokozeni mbuzi inakuferaniyo. Yakuikirani umboni kuposa loya.

Njokazo zimayamwa magazi. Mazira ake amatuluka ndi ndowe, n'kuswa paudzu wonyowa, mbuzi n'kudyanso udzu womwewo. Pitani msanga kwa alangizi a ziweto mukatenge mankhwala a njoka zam'mimba, ndipo mumwetse mbuzi zonse, ngakhale zooneka zonenepa. Muyezo akakuuzeni iwowo, osaganizira nokha. Kudamboko kusiyeni kaye, ndipo chichiri chizisuntha kawirikawiri. Mangani khola lam'mwamba kuti ndowe zizigwera pansi. Muziyang'ananso mkati mwa zikope: mukayera, dziwani kuti magazi akutha.

Za kupepesazo iwalani. "Kani?" uja ndiye pepani wa malume, wina simudzamumva. Mbuzi zawonso zimadya kudambo komweko, choncho popita kwa alangizi muwatenge, ndipo panjira musatchule zachipani.

Chenjerani, a Digiri. Chifu chija chakuchotserani mlandu wa tameki wokha. Wa pakamwa panu ukadalipo, ndipo tsiku loweruza umenewo sipadzapezeka mbuzi yokuferani.