Shaki wobwereka ndi khutu langa lakumanzere

Aphungu,

Amene anandiuza nkhani ya shaki koyamba ndi malemu Casimiro Pott wa ku Sarteneja, msodzi amene anatopa ndi nyanja n'kubwera kudzagwira nafe ntchito yokolola utomoni wa chingamu m'nkhalango. Linali Lamlungu, tsiku lophika utomoni, ine ndikutakasa mumphika waukulu, iye atakhala pachitsa akufotokoza. Anati tsiku lina ali pansi pa nyanja kufunafuna nkhanu, shaki anamugwira ntchafu, iye n'kumutosa chala m'diso mpaka chilombocho chinamusiya. Anakwinya buluku kutionetsa chipsera. Nkhani inali yake, chipsera chake, shakinso wake. Ine ndinangobwereka. Vuto ndi loti patha zaka makumi asanu ndisanabweze.

Mundikhululukire kalembedwe. Sukulu sindinapiteko, zilembo ndinaphunzirira pa zidina za utomoni pamene tinkadinda mayina athu, ndiye kalata iyi yanditengera masiku atatu. Pakamwa ndiye sindichedwa chonchi.

Khutu langa lakumanzere ndi theka. Ife amene tinakwera mitengo ya sapodila, yotulutsa utomoniwo, ndi chingwe m'chiuno, chikwanje kumanja, tikudziwa chimene chimadya khutu. Ndi kantchentche kochepa kuposa udzudzu. Kakaluma pamabuka chilonda chosamva mankhwala, mpaka khutu limatsala ngati totiya, buledi wathu wopyapyala wa chimanga, woti wina waluma n'kumusiya. Masiku amenewo khutu lotere linali manyazi, linkanena lokha kuti mwini wake ndi munthu wa kutchire, wokhala miyezi isanu ndi umodzi ndi anyani, wonunkha utsi.

Ndiye pa chikondwerero cha Yosefe Woyera kuno kwathu ndinaona Crescencia, amene tonse timati Chencha, mtsikana wa ku Benque, wophunzira kwa masisitere, woti za kutchire sankazidziwa. Panali wina amene ankamufunanso, Anastacio woimba marimba, wa makutu awiri athunthu ndi dzino lagolide. Ine ndikuvina naye Chencha ndinkangomutembenuzira mbali yakumanja, mpaka khosi linauma. Mwadzidzidzi anati, "Achimwene, khutu linalo munalisiya kuti?"

Aphungu, pakamwa panatseguka pokha. Ndinati, "Shaki, chemwali."

Anati, "Aaa! Zoona? Tafotokozani." Ndinafotokoza, ntchafu ya Casimiro n'kuisandutsa khutu langa. Anastacio anaimba marimba tsiku lonse, wovina ndi Chencha ndinali ine.

Nditapita kukafunsira ukwati ndinapeza bambo ake, malemu Don Hilario, amene anayendetsa nyulu zonyamula utomoni kuchokera m'misasa zaka makumi awiri. Anali munthu wosavula chipewa, chopendekera kumanja nthawi zonse, ngakhale pa chakudya. Anati, "Mnyamata, ya shaki ija ndimve ndekha." Nditamaliza anatsamwa khofi, kutsokomola mpaka misozi, kenako anati, "Eee, ashaki a chaka chimenecho analusa kwambiri. Tinawaona ambiri." Ndinaona kuti andilemekeza.

Kuyambira pamenepo shakiyo wakhala akukula. Pa ukwati wathu anali wotalika ngati munthu. Pobadwa mwana wathu Herlinda anali atafika pa bwato. Lero akulingana ndi basi ya ku Benque. Ndamufotokoza pa maliro, pa ubatizo, pa mzere wa kuchipatala. Mudzi wonse umanditchula Chano Shaki, Chano pokhala dzina langa la kunyumba. Ndikadumpha pena, Chencha amandikumbutsa, "Abambo, mwaiwala pamene anakutsinzinirani diso." Zotsinzinirazo ine sindinanenepo, koma ndinaziika, zimakoma.

Chilungamo chake ndi ichi. Nyanja ndinaiona kamodzi kokha, pa zenera la basi, popita ku Belize City kukazulitsa dzino. Kusambira sindidziwa. Mumtsinje wathu wa Mopan ndimalekeza m'mawondo, anthu akafunsa ndimati munthu wa m'nyanja sasambira m'madzi opanda mchere.

Tsopano mwezi wamawa tikukwanitsa zaka makumi asanu m'banja. Herlinda, amene ndi namwino ku Belize City, anabwera Lamlungu lapitalo ndi pepala lodzaza zithunzi. Anati, "Bambo, Mayi, zonse ndakonza. Masiku awiri m'nkhalango, tsiku limodzi ku mabwinja a ku Caracol, masiku atatu ku chilumba."

Ndinati, "Mwanawe, m'nkhalango tikukatani?"

Anati, "Kuli hotela yokongola, Bambo. Denga la masamba a kanjedza, magetsi kulibe, mumagona mu neti, m'mawa anyani amakudzutsani."

Ndinati, "Ndiye amatilipira zingati?"

Anati, "Ayi Bambo, olipira ndi ife."

Ndinangoti chabwino, dziko lasintha. Za mabwinja sindinalimbane nazonso, ngakhale ndikatsegula chitseko cha chimbudzi changa ndimaona mabwinja a makolo athu a ku Xunantunich ali pamwamba pa phiri m'mawa uliwonse. Makolo ndi makolo, tikawazonde a ku Caracol nawonso, masitepe ndikwera pang'onopang'ono.

Kenako anatembenuza pepala. "Chachikulu ndi ichi." Pa chithunzipo panali munthu ali pansi pa nyanja, botolo la mpweya kumsana, magalasi kumaso, mapazi a bakha, ndipo momuzungulira ashaki asanu ndi mmodzi. Ndinawawerenga kawiri. Herlinda anati, "Kuyambira ndili mwana mumati mukufuna mudzamuonenso musanafe. Mphunzitsi wa zomira, wophunzitsa kusambira pansi pa nyanja, ndamuuza kale za inu. Akuti akatswiri akale ngati inu atha, akufuna akugwireni chanza." Ponena zimenezi misozi inali ikulengeza m'maso mwake.

Ndinayang'ana kwa Chencha kuti mwina anena kuti abambo anuwa akalamba. Iye osatukula ngakhale mutu, manja akuumba totiya, anangoti, "Eya, akamuone mnzawo. Mwina khutu lija akusungabe."

Pofika Lachiwiri mudzi wonse unali utamva. Amuna a pa doko lowolotsera magalimoto akandiona amakuwa, "Chano Shaki, mukatitengereko mano ake!" Wina akuti, "Linalo mukalisamale akulu, magalasi owerengera mudzawakoleka pati?" Ine ndimangoseka nawo n'kudutsa msanga.

Njira ndayesa. Ndinamuimbira Herlinda kuti mtima ukundigunda modabwitsa. Anabwera ndi zipangizo zake, kundimanga pamkono, kumvetsera pachifuwa, nati, "Bambo, mtima uwu ndi wa mnyamata." Musamaphunzitse ana unamwino. Ndaganizanso zodzigwetsa pa masitepe a ku Caracol, popeza mabwinja akubwera nyanja isanafike, koma munthu ukamagwa susankha fupa lothyoka.

Ndiye Lachinayi masana ndinati ndiphunzire ndekha. Ndinatsikira kumunsi kwa mtsinje, kuseri kwa nsungwi kumene sikupita anthu. Ndinalowa mpaka m'chiuno, koyamba m'moyo wanga. Ndinatseka mphuno, kuviika mutu, kuwerenga mpaka folo. Pa faifi mwala unaterera. Aphungu, ndinamwa theka la Mopan. Wondipulumutsa unali muzu wa mkuyu, ndinaukumbatira ngati m'bale wanga. Nsapato yanga imodzi inapita ndi madzi.

Ndinafika kunyumba ndikudontha, phazi limodzi lili pansi. Chencha anati, "Nanga bwanji?" Ndinati, "Mvula." Anasuzumira panja, kumwamba kuli mbee, dzuwa likuswa miyala. Anati, "Mvula ya masiku ano imasankha anthu." Anandipatsa msuzi wa nkhuku wotentha.

Chimene ndikuopa si imfa kwenikweni. Ndi nkhope ya Chencha. Mayi ameneyu anasiya mwamuna wa makutu awiri ndi dzino lagolide chifukwa cha munthu amene analimbana ndi shaki. Akamva kuti inali ntchentche, adzandiona bwanji? Nanga Herlinda, amene anamenyapo mnzake kusukulu chifukwa chonena kuti bambo ake ndi abodza? Kodi ndingomanga botololo kumsana, n'kudzipereka kwa Yosefe Woyera? Kapena ndiulule? Ndiyambire kwa yani?

Chomaliza, chimene chandisokoneza kwambiri. M'mawa mwake, Lachisanu, nditatsegula chitseko ndinapeza chubu cha tayala la lole, chopopa bwino, chomangirira chingwe chatsopano. Ndinafunsa kuti n'chachiyani. Chencha anati, "N'chokhalira ine ndikamachapa kumtsinje. Koma wina akafuna kubwereka, kuseri kwa nsungwi kuja madzi amadekha cha m'ma teni." Chencha sachapa kumtsinje, Herlinda anamugulira makina zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Ndipo pamwamba pa chubucho panali nsapato yanga ija, yotsukidwa, youma.

F.T., San José Succotz

Bambo F.T.,

Tiyambe ndi chosakambirana. Botolo limenelo simumanga. Munthu wosadziwa kusambira salowa pansi pa nyanja, kaya ali ndi mtima wa mnyamata kaya wa ng'ombe. Mphunzitsi wa zomira adzakupatsani pepala la mafunso a zaumoyo, adzafunanso kuona mmene mumachitira m'madzi osaya. Pa pepala limenelo musadzanamepo ngakhale chilembo chimodzi. Bodza la pa maliro limaseketsa anthu, koma la pamenepo limabweretsa maliro enieni. Zodzigwetsa pa masitepe muzisiyenso. Pa msinkhu wanu chiuno chikathyoka, chikondwerero mudzachitira pa bedi la kuchipatala, Herlinda yemweyo akukusambitsani.

Tsopano werengani kalata yanu nokha, pang'onopang'ono. Apongozi anu anayenda m'misasa ya utomoni zaka makumi awiri, ndipo sankavula chipewa chopendekera kumanja. Mukuganiza kuti pansi pa chipewacho panali chiyani? Mayi Crescencia anakula akuona khutu la bambo awo m'mawa uliwonse. Tsiku lija pa marimba anadziwa chimene chinadya lanu musanatsegule pakamwa. Anafunsa kuti amve mmene muyankhire, ndipo yankholo linawakomera. Munthu amene wanamizidwa sakuwonjezerani shaki wotsinzinira diso. Satsatira mwamuna wake kuseri kwa nsungwi, n'kumuvuulira nsapato, n'kumugulira chubu. Mwakhala mukubisa chinsinsi kwa munthu amene wakhala akukusungirani chinsinsicho.

Chitani izi. Lero lomwe, pa khofi, auzeni mayi kuti, "Chencha, inali ntchentche." Musakonze nkhani, musakulitse ntchentcheyo kufika pa khwangwala, ndakudziwani kale. Akaseka, alekeni aseke, adikira nthawi yaitali.

Wovuta ndi Herlinda, chifukwa iyeyo anakhulupiriradi, mpaka kumenyera nkhondo. Ngakhale kuti namwino wa m'dera lino amene sanaonepo khutu la okolola utomoni, ine sindinamumve. Mumuuze sabata ino, pamaso, mayi ake ali pomwepo, nthawi yosintha mapulani ikadalipo. Mupepese osazungulira. Akakwiya, ndi ufulu wake.

Ulendowo musauphe, mungoukonza. Ku chilumba kuli maboti oonekera pansi, ashaki mudzawaona muli pa benchi, mutavala jekete yoyandamitsa. Ngati chubu cha mayi chikuyenderani bwino masabata atatu awa, pali munthu wina pambali osati nokha, mukhoza kudzaviika nkhope ndi magalasi pa madzi a m'chiuno. Wolowa pansi pa nyanja akhale Herlinda ngati akufuna, ndipo akumbuke kuti amene walowa pansi ndi botolo sakwera ndege mpaka patadutsa tsiku lathunthu. Mubwerere pa boti.

Za m'nkhalango mukuziseka, koma ndi kumene kuli mphatso yanu. Mitengo ya sapodila imasunga mabala a chikwanje moyo wake wonse. Mukamupezere mwana wanu umodzi, mumuonetse mmene munkakwerera, chingwe m'chiuno, mvula ikukukwapulani, kuti kunyumba kukhale chakudya. Herlinda wamva za nyanja imene simunailowe maulendo chikwi. Za nkhalango imene inakudyani khutu mwamuuzapo kangati?

Amuna a pa doko adzakusekani mwezi umodzi, dzina la Chano Shaki silidzachoka, mwina lidzakoma kuposa kale. Nkhaniyo muziifotokozabe, koma muziyamba mmene mwayambira kwa ine, ndi dzina la mwini wake.

Chenjezo langa ndi limodzi. Mukangomva pakamwa pakuyamba kutseguka pokha pamaso pa mphunzitsi wa zomira uja, gwirani khutu lanu lotsalalo, mukumbuke muzu wa mkuyu. Shaki mum'bwezere malemu Casimiro. Mayi Crescencia sanakwatiwe ndi shaki, anakwatiwa ndi wabodza wa khutu ngati la bambo awo, akudziwa bwinobwino.

Aphungu